Otsogolera nchito ya cigumula tiwasankhe mvula isanagwe

Mwezi wa Okutobala wafika. Fumbi lili ponseponse, ndipo mlendo woyenda m'miseu ya Mtendere masiku ano sangakhulupirire kuti pakapita miyezi itatu ana athu adzapita ku sukulu nsapato zili m'manja. Ngalande zauma, zadzaza mcenga, mapulastiki, mabotolo ndi matewera a ana. Palibe amene akudandaula, pakuti dzuwa labisa zonse. Koma ife amene takalambira m'komboni muno tidziwa kuti madzi olowa m'nyumba mu Januwale amayambira pa zinyalala za mu Okutobala.

Lero tifuna kukamba za anthu amene amadzipereka kutsogolera makomiti ndi timabungwe tothandiza anzathu pa nthawi ya cigumula. Tikunena akumpando, alembi ndi osunga cuma a m'miphakati yathu, a m'bungwe la Vinsenti Woyera, a Red Cross, a m'makomiti a citukuko m'mawodi, ndi ena ambiri amene alibe ngakhale dzina la bungwe, koma mvula ikagwa usiku ndiwo amagogodedwa pa citseko.

Maganizo athu ndi awa: anthu amenewa tiwasankhe tsopano, kukali kouma, pamaso pa anthu onse, ndipo tikawasankha tisawasiye okha. Cizolowezi cathu cosankha komiti tsiku limene lole ya thandizo yafika ndico cimathawitsa anthu abwino ndi kuitana adyera.

Zimene taona ndi maso

Akuluakulu akumbukira caka ca 1978, pamene madzi anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, anthu ena namwalira, ambiri nasowa pogona. Dziko linasonkha, ndipo panakhazikitsidwa thumba lochedwa Kanyama Disaster Fund. Mpaka lero dzina limenelo likachulidwa okalamba amapukusa mutu, cifukwa panabuka madandaulo akulu akuti zopereka sizinafike zonse kwa eni tsoka. Bala limenelo silinapole. Ndilo limaticititsa kuti aliyense wogwira bulangete la thandizo tizimuyang'ana mokayikira.

Pafupi ndi ife, ku Kalikiliki, madzi anasautsa anthu mu 2005 ndi mu 2006. Amai Wilma Nchito a pa University of Zambia analemba za cigumula cimeneco mu 2007, ndipo cimodzi ca zimene anaona ndi cakuti madzi akasefukira aliyense amakamba zoyenera kucita, koma mvula ikangoleka nkhani imaiwalika. Sananame. Mu 2010 tinaona mabanja a ku Misisi ndi ku Kuku akusamutsidwa kukagona m'matenti pa Independence Stadium.

Cigumula siciyenda cokha. Madzi akadzaza m'zimbudzi zokumba, zonyansa zimayandama ndi kulowa m'zitsime zosazama ndi m'mabwalo mosewera ana, kenaka kolera imagwa. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 m'komboni ya Chipata ndi kufalikira ku Kanyama unakula mvula itayamba. Unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka ndi kupha 98. Asilikali anatuluka kukayeretsa tauni, ndipo m'madera ena misonkhano inaletsedwa, ngakhale ya mapemphero. Wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo: odwala oposa 20,000 m'dziko lonse, omwalira oposa 700. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale 2024.

Zifukwa zake tizidziwa. Lusaka ndi malo athyathyathya, ndipo ku Kanyama ndi ku Misisi pansi pali thanthwe la laimu, madzi a pansi ali pafupi, conco nthaka imakhuta msanga. Kuno kwathu madzi amatsika kucokera kumtunda kufuna kumunsi, ndipo nyumba zina zinamangidwa panjira pao penipeni. Onjezeranipo zinyalala zotaya m'ngalande ndi mipanda ya njerwa yotseka mifolo. Zonsezi si zacilendo ai. Cacilendo ndi cakuti caka ndi caka timadabwa ngati tazionera kumene.

Cimene tinacitira mai wina

Tidziwa mai wina, sitimuchula dzina, wamasiye wogulitsa tomato ndi repu pa msika. Caka cina mvula itavuta, anthu a m'cigawo cake anamupempha kuti atsogolere komiti, cifukwa ndiye anali kudziwa khomo lililonse: kumene kugona agogo osayenda, kumene kuli mwana wa khunyu, kumene kuli mai wapakati wotsala pang'ono kucira. Anavomera. Masiku ambiri anasiya thebulo lake pa msika, nayenda m'matope kulemba maina a mabanja amene nyumba zao zinagwa kapena unga wao unanyowa.

Thandizo litafika, mabulangete ndi matumba a unga sanakwane ngakhale theka la maina. Pamalo pogawira panatulukira abambo ena amene sitinawaonepo atagwira fosholo, koma anali ndi mndandanda waowao ndi mau akulu. Obweretsa katundu anajambula zithunzi, napita. Amene anatsala ndi mkwiyo wa anthu osalandira anali mai uja. Anamulondola ku nyumba kwake, namuchula wakuba, ena nati mabulangete anagulitsa ku salaula. Pa msika makasitomala anacepa. Ana ake ananyozedwa ku sukulu.

Ife amene tinali kudziwa zoona zake tinakhala cete. Tinati tisalowerere, zidzatha zokha. Mai uja anatula pansi udindo, ndipo caka cotsatira titafunsa amene angatsogolere, aliyense anayang'ana pansi. Mpando unatengedwa ndi omwe aja a mau akulu. Ngalande ya m'cigawo cimeneco sinakumbidwe caka cimeneco, ndipo madzi analowanso m'nyumba zomwe zija.

Nkhani imeneyi taifotokoza cifukwa ndi mlandu wathu, osati wa boma kapena wa obweretsa thandizo. Tinamusankha mothamanga, madzi ali kale m'maondo. Sitinagwirizane momwe katundu adzagawidwire akadzacepa. Sitinamupatse mboni. Ndipo atanyozedwa sitinaime naye. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma ife tinamusenzetsa denga lonse, ndipo litagwa tinati walakwa ndiye.

Nchito yake yeniyeni ndi yotani?

Ambiri amaganiza kuti kutsogolera komiti ya cigumula ndi kugawa mabulangete. Kugawa ndi kacigawo kocepa, ndipo kamabwera pomalizira. Nchito yaikulu imacitika dzuwa likali kuswa mtengo.

Mtsogoleri weniweni amayenda m'cigawo cake mu Seputembala ndi mu Okutobala kuona pamene madzi anaima caka catha. Amalemba nyumba za njerwa zosaocha zimene zili kumunsi, zimbudzi zimene zadzaza, zitsime zopanda cotsekera. Amadziwa okalamba okhala okha, olumala, odwala a pa mphasa, ndipo amagwirizana ndi anansi kuti madzi akafika usiku wakuti adzanyamula wakuti. Amapita kukakamba ndi abambo a pa parishi, abusa ndi ahedi a sukulu kuti holo kapena kalasi idzatsegulidwe kwa osowa pogona, ndi kuti kiyi izikhala ndi yani. Amasunga manambala a foni a khansala, a pa kiliniki ndi a ofesi yoona za ngozi m'boma lathu. Amamvera zimene a zanyengo amalengeza mvula isanayambe, nauza anzake m'cinenero cimene akumva.

Amaitana anthu pa Ciweru m'mawa kuti abwere ndi makasu, mafosholo, mapiki ndi mawilibala. Amaonetsetsa kuti zofukulidwa m'ngalande zacotsedwa, pakuti zikasiyidwa m'mphepete mvula yoyamba imazibweza momwemo. Amafunafuna matumba a mcenga ndi klorini kukali nthawi.

Koma nchito yowawa koposa ndi iyi: kugogoda pa geti ya mnansi ndi kumuuza kuti mpanda wake watseka njira ya madzi, kapena kuuza landilodi kuti cimbudzi ca anthu ake a lendi cadzaza, acipope mvula isanagwe. Apa ndiye pofunika munthu wolimba mtima, waulemu, amene anthu amamumvera cifukwa ca khalidwe lake. Munthu wotere sapezeka pa msonkhano wa cipwirikiti lole itaima panja. Amapezeka anthu akakhala pansi mofatsa ndi kufunsana kuti: kodi pakati pathu ndani amene sananamizepo munthu?

Cina cimene mtsogoleri wa mu cilimwe amacita ndi kuphunzitsa wina. Amatenga mnyamata kapena mtsikana kuyenda naye, kuti iye akadwala kapena akasamuka, cidziwitso ca makomo ndi mifolo cisapite naye. M'makomboni mwathu anthu a lendi amasamuka kawirikawiri, ndipo komiti yodalira munthu mmodzi imafa tsiku limene iye wakweza katundu pa kanta.

Tisankhe motani?

Vuto la kugawa si la lero. M'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 6, timawerenga kuti mu Mpingo woyamba munabuka kung'ung'udza cifukwa amasiye a gulu lina anali kuiwalika pogawa cakudya. Atumwi sanatseke makutu, ndiponso sanasankhe abale ao. Anauza khamu lonse kuti lidzisankhire amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, kenaka anawapempherera pamaso pa onse. Paulo Woyera naye, m'kalata yake yaciwiri kwa Akorinto, mutu 8, sanafune kunyamula yekha zopereka za osauka a ku Yerusalemu. Anafuna kuti pakhale abale osankhidwa ndi mipingo, kuti wina asapeze pomunenera. Ngati mtumwi anafuna mboni pa ndalama, nanga ife ndife yani?

Conco tikupempha kuti m'miphakati, m'mazoni ndi m'timabungwe tathu titsate izi.

Coyamba, cisankho cicitike mwezi uno, cilengezedwe masabata awiri cisanacitike, ndipo aitanidwe onse a m'cigawo. Madzi safunsa kuti uyu ndi Mkatolika, uyu ndi wa RCZ, uyu ndi wa Sabata kapena Msilamu. Ngalande ndi imodzi. Mphakati ungayambitse, koma komiti ikhale ya anthu onse.

Caciwiri, pakati pa osankhidwa pakhale anthu okhala kumunsi, amene madzi amawalowera m'nyumba. Wokhala pamtunda angakhale wa mtima wabwino, koma tulo take sitisokonezeka mvula ikagwa. Pakhalenso amai oculuka, pakuti ndiwo amatunga madzi, amasamala odwala ndipo amadziwa nyumba imene ana agona ndi njala. Acinyamata asasiyidwe, mphamvu zofukula zili ndi iwo.

Cacitatu, tigwirizane lero lomwe kuti thandizo likadzacepa adzayambe kulandira ndani. Ife tikuti ayambe amene nyumba yagwa, kenaka okalamba okhala okha, olumala, ana amasiye ndi amai a makanda. Lamulo limeneli lilembedwe, liwerengedwe pa msonkhano, onse avomere kukali kouma. Tsiku logawa likadzafika, wakumpando sadzakhala woweruza, adzangokhala wotsata zimene tonse tinapangana.

Cacinai, mabuku akhale poyera. Katundu akafika awerengedwe pamaso pa anthu atatu, mmodzi wa iwo asakhale wa m'komiti. Ndalama zisalowe pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, ndipo potapa pasaine anthu awiri kapena atatu. Cimene calowa ndi cimene catuluka ciwerengedwe pambuyo pa Misa ndi mapemphero a mipingo ina, cipacikidwenso pa msika. Ena amaona ngati kufunsa risiti ndi kunyoza munthu. Ai, risiti ndi cishango ca munthu wokhulupirika. Mai wa tomato uja akanakhala ndi pepala losainidwa ndi mboni, sakanalira yekha.

Cacisanu, udindo ukhale ndi malire, zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka ena alowe. Munthu akakhalitsa pampando amayamba kuuyesa wake, ndipo anthu nao amayamba kuona ngati nchitoyo ndi ya iye yekha. Yetero anacenjeza mkamwini wake Mose kuti kuweruza yekha milandu yonse kudzamutopetsa iye pamodzi ndi anthu, namulangiza kugawa nchito. Langizo limenelo likali lamoyo.

Cacisanu ndi cimodzi, zovala za cipani zitsale ku nyumba. Aliyense ali ndi ufulu wokonda cipani cake, koma mndandanda wa ovutika ukayamba kutsata khadi la cipani, komiti yafa ngakhale ikali kukumana.

Kodi si nchito ya khonsolo?

Tidziwa kuti ena powerenga akuti: akatekisiti, mukutisenzetsa nchito ya boma, timalipira misonkho, bwanji tizikumba ngalande ndi manja? Funso limeneli ndi loona, ndipo sitilinyoza. Pali nchito imene fosholo singathe. Ngalande yaikulu ya Bombay inamangidwa ndi makina ndi simenti, pansi pa pangano la boma lathu ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation, la ndalama pafupifupi madola 355 miliyoni, limene linayenda kuyambira 2013 mpaka 2018. Pangano lomwelo ndilo linabweretsa mapaipi a madzi ndi a zonyansa muno mu Mtendere. Palibe mphakati umene ungasonkhe ndalama zotere. Kukumba ngalande zikuluzikulu, kuika makalavati, kucotsa zinyalala ndi kuletsa kugawa mapuloti m'njira ya madzi ndi udindo wa khonsolo ndi boma, ndipo tiyenera kuufunsa mopanda mantha.

Koma wofunsa ndani? Munthu mmodzi akapita ku Civic Centre ndi dandaulo lake, amauzidwa kuti abwere mawa. Komiti yosankhidwa ndi anthu, yonyamula kalata yosainidwa ndi mabanja a cigawo conse, yodziwa pamene kalavati inatsekeka ndi nyumba zingati zimamira, imeneyo imamveka. Mtsogoleri wodzipereka salowa m'malo mwa boma. Ndiye pakamwa pathu pokamba ndi boma.

Malamulo a dziko anatsegula kale makomo. Lamulo loona za ngozi la 2010, limene ofesi ya DMMU ya pansi pa Waciwiri kwa Pulezidenti imagwirira nchito, linaika makomiti kuyambira ku likulu, ku zigawo, ku maboma, mpaka komiti ya pansi ya anthu a pamalo pomwepo. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'mawodi, ndipo zopempha za ndalama za CDF zimadzera kumeneko. Ndalama zimenezo zinali K1.6 miliyoni pa konsticuwensi mu 2021, zinakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi K30.6 miliyoni mu 2024. Kodi mwa ife ndi angati amene anapitako ku msonkhano wa zoni kukanena kuti cofunika coyamba ndi ngalande? Mipando imeneyo ikakanidwa ndi anthu oongoka, sikhala yopanda munthu. Wina amakhalapo, ndipo zofuna zake ndizo zimapita patsogolo.

Makomboni athu anaonapo kale zimene anthu ogwirizana angathe. M'zaka za m'ma 1980 anthu a ku Kalingalinga anakonza komboni yao ndi manja ao, mothandizana ndi khonsolo ndi dziko la Germany. M'zaka za m'ma 1990, AIDS itafika pacimake, amai ndi abambo odzipereka a m'maparishi athu anayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala amene ngakhale abale anali kuwaopa. Mphamvu imeneyo sinafe. Pamene maepiskopi a m'cigawo cino ca Africa, a AMECEA, anagwirizana mu 1973 kuti Mpingo uzikike pa miphakati, colinga sicinali kupemphera kokha, koma kuti akhristu oyandikana asenzane zothodwa za tsiku ndi tsiku. Ngalande yotsekeka pakhomo pa wamasiye ndi imodzi ya zothodwa zimenezo.

Nanga malipiro?

Pali funso lina limene anthu amanong'onezana: kodi munthu angagwire bwanji nchito yotere popanda kalikonse, unga utakwera conci? Pano tinene mosabisa. Tinaona kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 pamene pulogalamu ya PUSH inabwera m'makomboni, amai ambiri nakumba ngalande ndi kukonza miseu polandira cakudya. Nchito inagwirika, mabanja anadya, ndipo tiyamika. Koma m'malo ambiri cakudya citaleka, makasu nao anagona. Mu 2024, pa nthawi ya cilala, boma linabweretsa Cash for Work, anthu nayeretsa ngalande polandira ndalama. Zimenezi ndi zabwino, ndipo osauka azilandire. Koma mapulogalamu amabwera ndi kupita, pamene mvula imabwera caka ciliconse. Komboni imene idzayembekeza alawansi kuti ifukule mfolo wa pakhomo pake idzamira ndithu.

Komabe kudzipereka sikutanthauza kuti munthu adzisaukitse. Ndi cinthu camanyazi kuti wakumpando azilipira yekha basi yopita ku tauni kukapereka kalata yathu, azigula yekha talk time yoimbira ambulansi ya mwana wa mnansi, aziyenda m'madzi a zimbudzi ndi patapata. Malipiro a pamwezi sitingathe, ndipo mwina sangakhale abwino, pakuti angaitane ofuna ndalama. Koma zimene waononga pa nchito yathu timubwezere. Ngati timatha kusonkha cilimba mwezi ndi mwezi, ngati timatha kusonkha za maliro, tingalephere bwanji kugula majombo, magolovesi ndi tochi za anthu asanu? Kusonkha pa maliro a mwana wofa ndi kolera timafulumira. Tiyeni tifulumirenso kusonkha kuti maliro amenewo asacitike.

Ndipo kuli malipiro ena osafuna ndalama. Mai wotsogolera akasiya thebulo lake kupita ku msonkhano wathu, mnzake amugulitsire. Bambo wotsogolera akanenezedwa zabodza, ife odziwa zoona tiime tinene. Akalakwa, timuitane pambali timuuze, osati kumuimba pa msika. Ndipo ngati wabadi, umboni ulipo, acotsedwe mwa dongosolo ndi kubweza. Kubisa wakuba cifukwa ndi wa mpingo wathu ndi kupha cikhulupiriro ca anthu pa onse odzipereka.

Bungwe la Vinsenti Woyera linayambika ku Paris mu 1833 ndi Frédéric Ozanam, mnyamata wa pa yunivesite wa zaka 20, pamodzi ndi anzake ocepa. Mpaka lero mamembala ake amayendera osauka awiriawiri, ndipo amapereka malipoti a cuma pa misonkhano yao. Cinsinsi ca kukhalitsa kwao si cuma cambiri, koma kuti palibe amene amayenda yekha.

Kwa abale athu alimi

Inu a ku minda, ku Chongwe, ku Kafue, ku Petauke, ku Katete ndi kwina konse kumene pepala lino lifika, nkhani iyi mukuidziwa kuposa ife a m'tauni. Mlimi sayembekeza bingu kuti akonze migula ndi mizere yochinga madzi. Amakonza nthaka ikali youma, cifukwa adziwa kuti madzi akapeza njira yao amapita ndi nthaka ndi mbeu zomwe. Ambiri a ife a m'makomboni tinabadwira kwanuko, koma nzeru imeneyi tinaisiya pa siteshoni ya basi.

Kwanunso makomiti amenewa alipo. A m'mphepete mwa Luangwa ndi a m'zigwa za Kafue amadziwa madzi omiza minda ndi kudula milatho. Ndipo pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, amene analemba maina a olandira cimanga ndi ndalama m'midzi anali anthu a pamalo pomwepo. Kumene anasankhidwa bwino, kunali mtendere. Kumene anasankhidwa mothamanga kapena mwacibale, mukudziwa nokha zimene zinanenedwa. Cigumula ndi cilala ndi zosiyana, koma wolemba maina ndi mmodzi. Musankheni nkhokwe zikali ndi cakudya.

Tiyambe Sondo ikudzayi

Kwa inu amene mwakhala mukupemphedwa kutsogolera koma mumakana poopa matonzo, tikumva mantha anu, ndipo taulula kuti mbali ina tinawabzala ndife. Koma taganizani: mukakana inu, avomera ndani? Musavomere mwakhungu. Nenani kuti ndivomera ngati mundipatsa mboni, ngati tilemba lamulo la kagawidwe, ngati mudzabwera ndi mafosholo pa Ciweru. Amenewo si matama, ndi nzeru.

Kwa inu amene mukutumikira kale, amene mwanyamulapo agogo pamsana usiku madzi ali m'ciuno, amene mwagonekapo ana a eni pa balaza panu, tikuti zikomo. Maina anu sanalembedwe pa cipilala ciliconse, koma pali ana amene ali moyo lero cifukwa ca inu.

Kwa ife tonse, pa msonkhano wa mphakati wa sabata ino tiikepo nkhani iyi. Tisankhe tsiku la cisankho, tiitane anansi a mipingo ina, tipangane Ciweru coyamba cofukula ngalande. M'buku la Nehemiya, mutu 3, ambiri mwa omanga linga la Yerusalemu anakonza mbali yoyang'anana ndi nyumba zao, ndipo linga lonse linatha. Ifenso aliyense ayambe ndi mfolo wa pakhomo pake.

Mvula tiifuna, ndipo tidzaipempherera monga mwa masiku onse, pakuti popanda iyo kulibe nsima. Koma walira mvula walira matope. Mitambo isanade, tiyeni tidziwe amene adzatitsogolera, ndipo iwonso adziwe kuti tili kumbuyo kwao.